Khomo la Pansi pa Solvej

A Villy anamwalira Lachiwiri m'mawa, khofi ali pamoto, ndipo pofika Loweruka ana awo anali atakolopa khomo lonse n'kuchotsa dzina lawo pachitseko. Umu ndi mmene zimakhalira m'nyumba zosanja za ku Vesterbro, dera lakale la mumzinda waukulu. Munthu ukhala zaka makumi asanu, ukachoka n'kutsala timabowo tiwiri ta misomali.

Solvej Krogh ankakhala pamwamba penipeni pa khomo limenelo, pansanjika yachinayi. Kwa zaka khumi ndi chimodzi anazolowera wailesi ya nkhalambayo pansi pa mapazi ake. Mawu ake sankamveka ayi, pakuti nyumba imene ija anaimanga nkhondo ya dziko lonse isanabwere, nthawi imene njerwa sankaziumira. Chinkamveka n'kunjenjemera chabe kwa matabwa. Tsopano matabwawo anali zii. Solvej ankavulabe nsapato pakhomo kuti asasokoneze munthu, kenako n'kukumbukira kuti palibe womusokoneza.

Musamakhalitse nokha, ana inu. Munthu wokhala yekha amayamba kuyankhula ndi ketulo, ndipo aliyense wogogoda amaoneka ngati mngelo.

Nyumbayo ndi ya onse okhalamo, makomo makumi awiri ndi anayi, ndipo khomo silipita kwa munthu wongodutsa mumsewu. Likatsala lopanda mwini, mmodzi mwa eni nyumba amatchula dzina la woti alowemo, mosinthana, malinga ndi mzere umene wapampando amasunga. Ukatchula kamodzi umabwerera kumchira, ndipo ena amakalamba mzerewo usanawafikenso. Lolemba masana a Preben Thygesen, wapampando, anakwera masitepe akupumira m'mwamba, pepala lili m'manja.

"Mzere uli pa iwe, mwana wanga. Dzina limodzi. Lamlungu dzuwa lisanafike pamutu, pepalali likhale m'bokosi langa."

"Limodzi lokha?"

"Ukufuna angati? Ndi khomo la zipinda ziwiri, si sitima." Anatsamira chitseko kuti mpweya ubwerere. "Ndipo uganize bwino. Amene umulembeyo tizidzakumana naye pamasitepe mpaka imfa. Ine yanga ili pafupi, koma iwe ukadali nazo zaka."

* * *

Asger Bjerre anabwera Lachitatu, monga ankachitira kuyambira mwezi wa Meyi. Anali mwamuna wamtali, wa mawu ofatsa, wa manja ozizira nthawi zonse chifukwa magolovesi ankawaiwala m'sitima. Anadziwana pa tsiku la ntchito ya onse, pamene eni makomo amapenta mipanda ndi kusesa bwalo la mkati. Iye sanali wa m'nyumbamo. Amene anabwera naye anali Tenna wa pansanjika yachiwiri, ati adzathandize. Solvej anali pamakwerero akupukuta nyali ya pageti, makwererowo akugwedezeka, ndipo atayang'ana pansi anaona mlendo atawagwira ndi manja awiri. Sanawasiye mpaka nthawi ya khofi.

Lachitatu limenelo anabweretsa mabanzi otentha m'kathumba kapepala. Asanavule n'komwe chikhoti, anaima pakati pa chipinda n'kuyang'ana kudenga, kumene amisiri akale anaumba maluwa mozungulira nyali.

"Moniwo ukupatsa ine kapena denga?" anatero Solvej.

"Denga layamba chifukwa ndi lalikulu msinkhu. Wako nawu." Anamupsompsona pamphumi. "Iwe sudziwa mwayi wako. Kwanga ku Ballerup ndikadzuka n'kudziwongola ndimakanda siling'i. Woyandikana nane akayetsemula, ine ndimafuna mpango."

"Bodza limenelo."

"Dzulo ndamuuza kuti pepani, iye n'kuyankha kuti zikomo. Chikhalireni sitinaonanepo nkhope."

Anadya mabanziwo kukhitchini, pawindo loyang'ana kubwalo. Kunja kunali kutayamba kale kuda ngakhale inali isanakwane folo koloko, monga kumachitira mu Novembala.

"Ndaona pansipa achotsa dzina," anatero Asger.

"A Villy atisiya."

"Pepa. Unkawakonda."

"Ankandiuza tsiku loti mvula igwa. Sanalondolepo n'kamodzi komwe, koma ankandiuza."

Solvej anadikira kuti afunse za khomolo. Pepala la a Preben linali pomwepo, pansi pa chitini cha shuga, ngodya yake ikuonekera. Asger akanafunsa, Solvej akanamuuza kuti dzina lake ndi limene lakhala likumuzungulira m'mutu kuyambira Lolemba. Anali atadziona kale akutsika masitepe a kuseri atavala masilipasi, mphika wa supu uli m'manja, masitepe khumi ndi asanu ndi atatu okha m'malo mwa sitima ziwiri. Koma Asger sanafunse. Anangosisita chitseko cha kabati ndi chala, nati, "Mtengo ngati uwu sangaupezenso. Amene analowa muno poyamba ankadziwa kuti sadzasamukanso."

Mwamuna wopempha ndi wosavuta, umaona pamene waima. Wosapempha ndiye amakugonetsa ndi mafunso.

* * *

Lachinayi amayi ake, a Birthe, anatulukira kuchokera ku Køge osaimba foni. Anali atawerenga za imfa ya a Villy m'nyuzipepala, ndipo mzere wa nyumbayo ankaudziwa kuposa masiku obadwa a adzukulu awo. Anakhala pampando chikwama chili pamiyendo.

"Mng'ono wako Sidsel ali ndi khanda m'chipinda chimodzi. Matewera akuyanika pamwamba pa mbale. Mwamuna wake akugona miyendo ili m'khitchini. Sindikuona chimene chikukuchedwetsa kulemba."

"Wanena yekha kuti akulifuna?"

"Mpaka anene? Ndine mayi wake, ndimamva asanatsegule pakamwa." Anayang'ana makapu awiri amene anali pasinki. "Kapena pali wina? Wamtali uja wosadziwa kusunga magolovesi?"

"Dzina lake ndi Asger, Amayi."

"Miyezi isanu ndi umodzi. Ine ndili ndi tchizi m'firiji chakale kuposa chibwenzi chimenecho."

Solvej anafuna kuseka, koma amayi ake sankaseka.

"Tamvera, mwanawe. Khomo ukapereka wapereka, silibwerera. Akadzakusiya, sadzapita kutali ngati mmene anachitira bambo ako, oti ndinalira chaka chimodzi n'kuiwala. Adzakhala pansi pakopa. Uzidzakumana ndi mkazi wake pamasitepe, uzidzamugwirira chitseko atanyamula mwana. Zaka makumi anayi. Waganizapo zimenezo?"

"Sanandipemphe n'komwe."

"Mphaka amapempha mkaka? Amangokhala pafupi ndi mbale." Anaimirira n'kumanga mpango m'khosi. "Magazi ndi magazi. Sidsel ndimuuza ndine, iwe ungolemba. Usamuvutitse ndi foni, mwana sakumugonetsa."

Atapita, m'nyumbamo munatsala fungo la sopo wawo. Solvej anatsuka makapu awiri aja, n'kubweza imodzi kumbuyo kwenikweni kwa kabati.

* * *

Lachisanu linali tsiku la Solvej loyanika zovala kuchipinda cha pansi pa malata, pamwamba pa makomo onse. Malo amene aja ndi ozizira, ndipo musamakwereko nokha mutavala masokosi, matabwa ake ali ndi tizitsotso. Anapeza Tenna akuanula nsalu zapabedi. Anali mkazi wamfupi wa tsitsi lofiira, wodziwa kuseka ndi aliyense, ndipo kuyambira Meyi moni wake kwa Solvej unali wa mano okha.

"A mfumukazi a mzere," anatero Tenna. "Ndigwirireko nsongayi, dzanja lako likadali losatopa ndi kulemba."

Solvej anagwira nsonga ziwiri, nayamba kupinda limodzi.

"Walemba kale?"

"Ndikadaganiza."

"Ukuganiza chiyani, poti ntchitoyo mwiniwake anaiyamba kalekale? Ine ndimamusilira Asger. Munthu wodekha. Ena amadikira zaka makumi awiri pamndandanda, iye wangogwira makwerero."

"Ukufuna kunena chiyani, Tenna?"

"Ine? Palibe." Anayandikira kuti nsonga zikumane, nkhope zawo zili pafupi. "Kungoti tsiku lija tikulowa pageti, asanaone n'komwe pamene pali penti, anandifunsa kuti mzere uli pa ndani. Ndinati uli pa uyo ali pamakwereroyo. Sindinamalize kuyankhula, munthu anali atapita. Ndinatsala ndi zitini ziwiri ndekha ngati chitsiru."

"Unabwera naye ngati mnzako chabe. Unanena wekha."

"Eya, ndinanena." Tenna anatenga nsaluyo n'kuiika m'dengu. "Zaka zitatu ndinkamumvera akulira za madenga aatali ndi mawindo akale. Ukuganiza ndi iwe woyamba kuuzidwa za woyetsemula wa ku Ballerup? Wafika poti amafuna mpango, kapena sanafikepo?"

Anatsika akuimba kanyimbo. Solvej anatsala pakati pa zingwe, malaya onyowa ali m'manja, madzi akudontha pa nsapato. Chimene chinamubaya si nkhani ya mzere ayi, koma ya mpango ija. Ankayesa kuti nthabwala imeneyo inaphikidwira iye yekha.

Loweruka Asger analemba pafoni: "Mawa ndibwere ndi chiyani, mabanzi kapena nsomba?" Solvej anayang'ana uthengawo nthawi yaitali. Akanangofunsa pomwepo. Safunsa anadya phula, koma munthu wamantha amaona ngati kufunsa n'kumene kungamuphe. Anayankha kuti, "Bwera chimanjamanja." Kenako anachotsa chitini cha shuga, n'kulemba ndi zilembo zazikulu: Sidsel Krogh.

* * *

Lamlungu m'mawa pepala linalowa m'bokosi la a Preben. Asger anafika cha m'ma thu koloko, n'kumupeza Solvej m'bwalo la mkati, atakhala pabenchi pansi pa mtengo wa maapozi umene unali utayoyola masamba onse. Njinga za anthu zinali zitandandalika kukhoma, ndipo mawindo makumi anayi anali kuwayang'ana. Musamakambirane za mumtima m'bwalo la nyumba yosanja. Makatani amagwedezeka popanda mphepo.

"Wakhaliranji pozizira? Tiye m'mwamba."

"Pompano pali bwino. Ndili ndi nkhani." Solvej anayang'ana manja ake. "Khomo la a Villy, mzere unali pa ine. Ndalemba mng'ono wanga."

Anakweza maso msanga kuti aone nkhope ya Asger isanakonzedwe. Ndipo anaonadi kanthu. Kanadutsa ngati mthunzi wa mbalame, koma kanadutsa.

"Wachita bwino," anatero Asger. "Ali ndi mwana."

"Wakhumudwa."

"Pang'ono. Ndinamize? Ndani sangafune kukhala muno, pafupi ndi iwe?"

"Muno kapena pafupi ndi ine? Sankhapo chimodzi."

Asger anakhala pabenchipo pang'onopang'ono, kusiya mpata pakati pawo. "Wayankhula ndi ndani?"

"Unamufunsa Tenna kuti mzere uli pa ndani, tsiku lija?"

"Ndinamufunsa kuti uyo akufuna kugwa pamakwereroyo ndani. Iye anati ndi Solvej, koma usadzivute, ndi wonyada chifukwa mzere uli pa iye. Za mzere anazitchula yekha."

"Ndiye unkadziwa kuyambira Meyi."

"Ndinkadziwa. N'chifukwa chake sindinatchulepo. Lachitatu pepala lija ndinaliona pansi pa shuga. Khofi ndinamwa wowawa kuopa kugwira chitinicho, kuti ungaganize zimene ukuganizazi."

Solvej anakumbukira kuti zinalidi choncho, sanathire shuga. Koma mtima ukayamba kuthamanga suima pamene wauzidwa.

"Nanga za woyetsemula uja? Nayenso unamuuza. Mpaka za mpango."

"Munthuyo amayetsemuladi, Solvej. Ndauza aliyense, ngakhale dokotala wa mano." Sanaseke. "Wakhala nazo izi kuyambira liti?"

"Lachisanu."

"Masiku awiri. Foni uli nayo. Unasankha kumva kwa Tenna, n'kulemba pepala, kenako n'kundiitana kuti udzandiyang'ane kumaso ngati wakuba." Anaimirira n'kulowetsa manja m'matumba. "Ukanandiuza kuti ndalemba mng'ono wanga basi, ndikanabwera kudzanyamula bedi la mwanayo mpaka pansanjika yachitatu. Koma sunalembe Sidsel chifukwa cha Sidsel. Wandiyesa."

"Asger, khala pansi."

"Kwazizira. Lowa m'nyumba, ungadwale."

Geti linatsekeka mwaulemu, osamenyetsa. Bola akanamenyetsa. Pansanjika yachiwiri katani linabwerera m'malo mwake.

* * *

Lolemba Solvej analembera Asger kuti, "Pepa." Uthengawo unaonetsa kuti wawerengedwa. Lachiwiri analemba kuti, "Waiwala magolovesi ako kuno, akale aja." Nawonso unawerengedwa. Lachitatu anaphika mbatatesi za anthu awiri mosadziwa, n'kudya zake ataimirira pasinki. Denga lija linali pomwepo ndi maluwa ake, lalitali, lokongola. Denga lalitali ndi labwino mukakhala awiri. Ukakhala wekha limangokuchepetsa.

Lachinayi masana foni inalira. Anaithamangira mpaka kugunda bondo pampando, koma anali Sidsel, khanda likulira kumbuyo.

"Achemwali, mwachita chiyani? Lachiwiri anandiimbira a Preben ena ake, ati ndibwere ndidzaone khomo."

"Amayi sanakuuze? Ndakulemba iwe. Khomo la pansi panga."



"Mayo ine. Bwanji osandifunsa? Ife tikusamukira ku Aalborg, kutali kumpoto, mu Januwale. Bambo a mwanayu apeza ntchito kumeneko, nyumba tapeza kale, ya kabwalo kake."

"Amayi akudziwa?"

"Ndikanawauza bwanji? Mukuwadziwa. Ndimati ndidikire Khirisimasi ipite. Akhala akundiimbira kuti ali ndi nkhani yabwino, ine osayankha, kuopa kuti ndingaulule." Sidsel anapumira m'mwamba. "Ndawauza a Prebenwo Lachiwiri lomwelo kuti zikomo, sindingathe. Ndimasowa poyambira kukuimbirani. Mungolemba wina, si choncho? Lembani wamtali uja, Amayi azolowera."

Solvej sanavale n'komwe nsapato. Anatsika nsanjika zonse ndi masokosi kupita kwa a Preben, ndipo kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo anali ndi chimwemwe. Anatsimikiza zolemba Asger tsopano, osati mobisa. Ankafuna kupita yekha ku Ballerup, pepala lili m'manja, n'kugogoda mpaka woyetsemulayo atuluke.

A Preben anatsegula atavala magalasi pamphuno, nyuzipepala ili kukhwapa.

"Ndimati ndikwere madzulo ano, wandipulumutsa maondo."

"Mng'ono wanga wakana, ndamva. Ndipatseni pepala lina, dzina ndili nalo."

Nkhalambayo inavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi juzi. Munthu wamkulu akayamba kupukuta magalasi oyera kale, gwira chitseko.

"Pepala ndi limodzi, mwana wanga. Ndinakuuza. Wotchulidwa akakana, wotchula watchula basi. Lamulo limenelo ndi lakale kuposa ine, analiika kuti anthu asamasewere ndi mayina. Iwe wabwerera kumchira."

"Koma sindimadziwa kuti akusamuka."

"Ndiye ukanamufunsa. Sabata yathunthu ndinakupatsa." Anayankhula mofatsa, mopanda kunyoza. "Mzere wapita kwa wotsatira. Ndamupatsa pepala dzulo m'mawa, ndipo sanalole n'komwe kuti nditsike masitepe. Analembera pakhoma, ine ndili chiimire."

Solvej ankaudziwa mzerewo. Aliyense m'nyumbamo amaudziwa. Kungoti sanauganizirepo, chifukwa sanayembekezere kuti ungasunthe.

"Tenna," anatero.

"Tenna."

"Walemba ndani? Mlongo wake?"

A Preben anayang'ana masokosi a Solvej, kenako khoma, kenako nyuzipepala yawo. "Mawa dzinalo likhala pabolodi la pageti, ndiye palibe chobisa. Ndi mnyamata wamtali uja amabwera kwa iwe Lachitatu. Bjerre. Ine ndimayesa kuti mwagwirizana nonse atatu, mpaka ndinati achinyamata a masiku ano ndi anzeru."

Pamasitepe panali kuzizira kochokera pansi pa chitseko cha kumsewu, ndipo Solvej anakumva kukukwera m'miyendo.

"Wavomera?"

"Ndamuimbira dzulo masana. Anakhala chete mpaka ndinayesa kuti foni yaduka. Kenako anati ayankha Lolemba."

"Ndiye sanavomere."

"Sanavomere, sanakane." A Preben anabweza magalasi pamphuno. "Koma lero m'mawa anabwera kudzatenga makiyi kuti akaone mkati. Sanawabwezebe. Tenna anati amuperekeza."